Khutu la a Twaibu

A Twaibu tidawaika Lachiwiri dzuwa lili paliwombo, poti anzathu achisilamu sagoneka maliro. Uthenga udabwera pa foni m'mawa, ndipo ndidauwerenga ndekha, chala chili pa galasi, chifukwa kuwerenga ndidakudziwa nditamera kale imvi. Udati: a Shuga atisiya, mwambo ndi lero lomwe. Amene adalemba uthengawo sadafune kunyoza. M'mutu mwake limenelo ndilo lidali dzina lawo. Ngakhale kumanda ndidamva amuna awiri amene adasenza nawo jeneza, chithatha cha maliro, akunong'onezana kuti kodi Twaibu amene Shehe akumupemphererayu ndi ndani.

Ine ndikudziwa kumene dzina la Shuga lidachokera, ndipo ndikudziwa kuti a Twaibu adalisenza m'malo mwanga zaka zoposa makumi anayi. Ndifika pamenepo. Ndiyambe ndi munthuyo.

Adali wosoka maukonde kuno ku Liwaladzi, wamfupi, wa miyendo yamatewe, wosavula kofia ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mpira sadausewerepo. Ntchito yawo pabwalo idali ya mbendera, kuthamanga m'mphepete mwa mzere ndi kuuza woimbira ngati munthu walandira mpira ali pa ofusayidi. Mbenderayo idali chidutswa cha nsalu yofiira ya akazi awo, chomangirira ku kansungwi kosalala ndi thukuta. Kukakhala masewera ku Kanyenda kapena ku Dwambazi, anthu ankatuma mawu kuti a Twaibu abwere, ndipo ankapita pa njinga, kansungwi kali kumsana ngati mfuti.

Tsiku la mpira ankafika pabwalo anthu onse asadafike. Ankabwereka chingwe cha khoka, n'kuchikoka pakati pa zikhomo ziwiri mpaka chitalira akachikhudza, kenako n'kuthira phulusa lochokera kowambira nsomba motsata chingwecho. Wina akawauza kuti zachuluka, si mpira wa boma uwu, ankayankha kuti munthu sangaweruze anzake ataima pa mzere wokhota. Mpira sunkayamba asadaswali alasiri, pemphero lawo la kumadzulo. Matimu awiri ndi mudzi wonse tinkawadikira, ndipo iwo ankatuluka mu mzikiti osafulumira, akupukuta madzi m'ndevu.

Chimene anthu a lero sadziwa ndi momwe ankagwirira ntchitoyo. A Twaibu sankayang'ana mpira. Ankayenda cham'mbali ngati nkhanu, maso ali pa wotchinga kumbuyo womaliza, ndipo ankati maso awiri sungawatume kuwiri. Nanga ankadziwa bwanji kuti mpira wamenyedwa? Ankamvera. Phazi likagunda chikopa pamamveka kuti phu, ndipo pa kamphindi komweko iwo ankaona amene waima pati. Diso lidali la mzere, khutu lidali la mpira. N'chifukwa chake adakangana kwa zaka ndi amayi oimba pabwalo, amene ankafuna kuima kumbuyo kwawo ndi visekese. Ankawathamangitsira tsidya lina, amayiwo n'kuwapekera nyimbo yowaseka miyendo, iwo n'kumayenda cham'mbali momwemo ngati nyimboyo ikunena wina.

Ankawerenganso misana. Timu yathu idalibe majezi, tinkasewera zifuwa zili pamtunda, ndipo a Twaibu ankadziwa msana wa aliyense wa ife monga mmene ankadziwira ukonde wa msodzi aliyense. Nthawi zonse milomo yawo inkagwedera. Ena ankati akupemphera. Ayi, ankawerenga kuti otchinga kumbuyo alipo angati ndipo ali kuti.

Sadali munthu wofewa. Adakanira chigoli mlamu wawo weniweni pa tsiku limene mlamuyo adaitana apongozi kudzaonerera, ndipo nyumba ziwirizo sizidapatsane moto mpaka mvula itagwa. Ngakhale atasiya kale mbendera, adakangananso ndi mphunzitsi wina amene adabwera ndi kabuku ka Chingerezi n'kumati lamulo lasintha, munthu akalingana ndi wotchinga womaliza sali pa ofusayidi. A Twaibu adakana sabata zitatu. Atamva zomwezo pa wayilesi adapita okha kunyumba kwa mphunzitsiyo ndi chambo ziwiri, n'kunena kuti adalakwa ndi iwo. Ankati kulakwa si manyazi kwa wambendera, manyazi n'kukweza mbendera chifukwa anthu akufuula.

Zaka zawo zomalizira adathera pa benchi. Pa msika pathu pali nyumba ya malata ndi mabango imene a Nyirenda, munthu wochokera cha kumpoto, amaonetseramo mpira wa ku Ulaya. Loweruka lililonse masana a Twaibu ankakhala pa benchi lakutsogolo, kumapeto kwenikweni kumanzere, phewa litatsamira khoma. Adasankha malo amenewo chifukwa khutu lawo lakumanzere lidali lakufa. Ankalipereka ku khoma, lamoyolo n'kulisiyira anthu ndi sipika. Ine ndinkakhala pambali pawo, mbali ya khutu lamoyo. Anthu ankati ndife mabwenzi. Ine sindikudziwa dzina la chimene tidali.

Ndi mmenemo mmene idatipezera nkhani ya VAR, makina aja obwezera kanema m'mbuyo kuti woimbira aonenso. Nyumba ya a Nyirenda idagawikana pakati. Ena ankati kuba kwatha tsopano, oimbira azidyera kwina. Ena ankati mpira wafa, nanga munthu ukuwe, ugwetse benchi, ukumbatire mdani wako, kenako akuuze kuti dikira kaye tione chala cha phazi? Mkanganowo sunkatha ndi mpira. Unkatuluka nawo panja, n'kukafika ku doko ndi ku chigayo.

A Twaibu sadali mbali iliyonse, kapena ndinene kuti adali mbali zonse ndipo zonsezo zinkawatopetsa. Akaona wambendera wa pa kanema akuthamanga mbendera ili pansi pamene munthu waonekeratu kuti wapitirira, ankamenya ndodo pansi.

"Akudikira ndani ameneyu? Amayi ake?"

"Ndi lamulo latsopano, madala," wina ankayankha. "Amadikira kaye kuti aone ngati chilowe."

"Ndiye amupatsiranji mbendera? Amupatse ambulera."

Akajambula mizere iwiri yogundana n'kunena kuti khwapa la munthu lapitirira, ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumati posachedwa ayamba kuyeza ndi chithunzithunzi chomwe. Ankati lamulo la ofusayidi lidabwera kudzaletsa waulesi kukagona pa golo ya anzake kudikira mpira, osati kudzalanga munthu chifukwa chovala nsapato yaikulu. Koma kanema akamuimitsa pa kamphindi kaja phazi likugunda mpira, a Twaibu ankasiya kuseka. Tsiku lina adandiuza chapansipansi kuti azungu atenga khutu lawo n'kuliika m'bokosi.

Ndipo panalibe Loweruka limene wina sadawaponyere mawu aja.

"A Shuga! Nthawi yanu ija VAR ikadakhalapo, bwenzi mutagwidwa ndi thumba lanu lomwe!"

Nyumba yonse inkaseka, ngakhale amene sadabadwe nthawiyo. A Twaibu ankaika dzanja kukhutu.

"Wati chiyani? Walankhulira mbali yakufa, mwanawe."

Chonsecho wonenayo adali mbali yamoyo. Ine ndinkayang'ana kanema ngati muli zofunika.

Tsopano ndinene za tsikulo.

Udali mpira womaliza wa mpikisano wa midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo wopambana ankalandira majezi. Kwa ife, amene tinkasewera ngati tikupita kokasamba, majezi adali chilichonse. Adani athu adali anyamata odula nzimbe, anthu a maboma osiyanasiyana, ovala zobiriwira ndi nsapato zomwe. Woimbira adachokera ku Kanyenda. Mbendera ya mbali imene ife tinkatchinga m'chigawo chachiwiri idali ya a Twaibu, ndipo adaniwo adavomera okha ngakhale adali wa m'mudzi mwathu, chifukwa mbiri yawo idafika kale kumeneko. Anthu adadzaza mpaka kupondereza phulusa. Cha ku kona yakutali ndi a Twaibu, asodzi amene adangochoka pa nyanja, nawonso zifuwa pamtunda, adalowa m'bwalo mapazi awiri kapena atatu, ndipo panalibe wowabweza.

Ine ndidali wotchinga kumbuyo. M'chiuno, mkati mwa kabudula, ndidamanga kachithumwa kamene ndidakatenga kwa munthu wina ku phiri, koti miyendo ya adani izilemera akandiyandikira. Palibe mnzanga adadziwa. Bambo anga adali mkulu wa mpingo, munthu amene adatulutsapo anthu mu mpingo chifukwa cha zinthu zotere, ndipo tsikulo adaima pabwalo pomwepo atavala jekete.

Mpira uli pafupi kutha, palibe wagoletsa, adaniwo adapeza kona. Tidalumpha tonse, wina adandikoka kabudula, ndipo ndidamva chingwe cha m'chiuno chikuduka. Kachithumwa kadagwa, phazi la wina n'kukankhira cha kumene kudali asodzi kuja. Goloboyi wathu, a Sudi, adawomba mpira ndi nkhonya, wina n'kuumenyera kutali. Anzanga onse adathamangira kutsogolo pamodzi, monga a Twaibu omwewo adatiphunzitsira, kuti mdani wotsalira akhale pa ofusayidi. Ine ndekha ndidathamangira kwina. Ndidanjuta pakati pa miyendo ya asodzi, mkati mwa bwalo, ndikufwanthula mchenga, msana wanga wofanana ndi misana yawo.

Ndidamva phu. Mpira udabwerera m'mwamba n'kutera pa phazi la mnyamata wawo wamtali, amene adali yekhayekha kumbuyo kwa anzanga onse, mtunda woti ngakhale mwana akadaona. Aliyense adaima. Mwini wakeyo adaimanso, n'kuyang'ana kwa a Twaibu. Mbendera idali pansi. Mnyamatayo adakankhira mpira mu golo ngati akuchita manyazi. Woimbira adayang'ana a Twaibu, ndipo iwo adathamangira cha pakati pa bwalo, kusonyeza kuti chigoli chilibe mlandu.

Chidalibedi mlandu. Pakati pa mnyamatayo ndi mzere wa golo padali anthu awiri a timu yathu: a Sudi ndi ine. A Twaibu adawerenga misana, adapeza kuti umodzi ukusowa, ndipo adaupeza tsidya lina la bwalo pakati pa misana makumi atatu. Sindikhulupirira kuti padziko pano padakhala wambendera wina amene akadaona chimenecho.

Ine ndidadzuka kachithumwa kali m'manja, ndidabwerera cham'mbuyo kulowa m'gulu la anthu, ndidazungulira kuseri kwa golo, ndipo ndidatulukira pakati pa anzanga ndikufuula nawo kuti ofusayidi. Mawu anga adali aakulu kuposa a wina aliyense.

Anthu adawazungulira. A Sudi adali kutsogolo, misozi ili m'maso.

"A Twaibu, mwatani? Munthu uja adali yekha!"

"Sadali yekha."

"Adali ndi ndani? Mutchuleni! Tonse tidatuluka!"

A Twaibu adayang'ana nkhope zathu imodziimodzi. Atafika pa ine, maso awo adatsikira pa nkhonya yanga yofumbata, kenako adapita kwa bambo anga amene ankabwera akukankha anthu, kenako kwa msodzi wina amene adanyamula nkhafi.

"Mbendera yayankha kale," adatero.

Nkhafiyo idawapeza cha kumanzere kwa mutu, mbali yake yophwatalala. Phokoso lake ndimalimva mpaka lero. Kofia idagwa, iwo adagwada, magazi akutuluka m'khutu. Ine ndidali mapazi awiri kuchokera pomwepo. Amene adawamenyayo adamwalira kalekale ndipo sindimutchula, chifukwa iye adamenya akukhulupirira kuti waberedwa. Ine ndinkadziwa.

Sabata isadathe, wina adati waona thumba la shuga likulowa m'nyumba mwa a Twaibu. Palibe adafunsa kuti waliona liti, kapena lalikulu bwanji. Adani athu adali a ku nzimbe, ndiye nkhaniyo idakwanira bwino ngati chivindikiro pa mphika. Asodzi adasiya kuwabweretsera maukonde, ndipo kwa nyengo ziwiri ankapalasa njinga kukasoka a alendo ku Dwambazi. Khutu lidatuluka mafinya mwezi wathunthu, kenako lidatseka. Adayesa kamodzi kugwiranso mbendera ku Kanyenda. Kawiri konse adaikweza mochedwa, chifukwa phu uja sankadziwanso kuti wachokera kuti. Mpira usadathe adakulunga nsaluyo pa kansungwi, n'kupatsa wina malo. Sadabwererenso pa mzere.

Tsiku loyamba ndidakhala chete chifukwa choopa nkhafi. Chaka choyamba ndidakhala chete chifukwa choopa bambo anga. Bambo atamwalira ndidapeza kuti ndikuopa kukhala chete kwanga komwe, kuti anthu adzati udali kuti nthawi yonseyi. Ndili ndi zaka zopitirira makumi asanu ndidalowa sukulu ya kwacha. Aphunzitsi atafunsa chimene ndadzera, ndidati ndikufuna kumawerenga Baibulo ndekha. Zoona zake n'zoti ndidapempha mphunzitsi wa zamasewera wa ku pulayimale kuti andilembere lamulo la ofusayidi m'Chichewa, ndipo ndinkafuna kuliwerenga popanda wondiyang'ana. Ndinkayembekeza kupeza mzere wonena kuti munthu wonjuta pakati pa oonerera sawerengedwa. Ndidawerenga pepalalo mpaka lidang'ambika popinda. Mzere umenewo mulibe.

A Twaibu sadandisinthire nkhope tsiku ndi limodzi lomwe. Ankandipatsa moni, adabwera pa maliro a mkazi wanga, adandisokera ukonde pamene manja anga adayamba kunjenjemera. Ndidafika podziuza kuti mwina nkhafi ija idafufuta zimene adaona.

Ndiye kudabwera Loweruka lina, mvula ziwiri zapitazo. Ovala zabuluu adagoletsa ovala zofiira, ndipo wogoletsayo adaoneka kuti ali yekha kutali ndi aliyense. Wambendera sadakweze. Nyumba ya a Nyirenda idaphulika.

"Wakuba! Wadya ameneyu!"

"Mbale wanu uyo, a Shuga!"

Woimbira adagwira kukhutu, mpira udaima. Adabweza kanema, n'kuonetsa chithunzi china chojambulira kumwamba, bwalo lonse likuoneka. Pansi penipeni, pafupi ndi kona, padali munthu mmodzi wa zofiira atakhala pansi, atagwira bondo. Kanema woyamba sadamuonetse. Adajambula mzere kuchokera pa chidendene chake kudutsa bwalo lonse, ndipo wogoletsa uja adali kuseri kwake bwinobwino. Chigoli chidavomerezedwa.

"Yayi, adada," adatero a Nyirenda, "wambendera uyu ali ndi maso. Ife tonse osamuona munthuyo!"

Ndidamva phewa la a Twaibu likugwedezeka pa langa, ndipo nditacheuka ndidapeza akuseka mopanda mawu, misozi ikutsikira m'ndevu. Ikadakhala nthawi yoti ndiimirire, idali imeneyo. Ndidagwira benchi ndi manja onse awiri ndipo sindidadzuke.

Tidatuluka dzuwa likadalipo, n'kumayenda m'mbali mwa msewu waukulu, malole a nzimbe akutiwaza fumbi. Titayenda mtunda, a Twaibu adandiitana.

"A Lameki."

"Wawa, achimwene."

"Kanthu kaja mudakapeza?"

Zaka makumi anayi, ndipo adafunsa ngati akufunsa za mpeni umene ndidataya dzulo.

"Ndidakapeza."

"Kadakuthandizani?"

"Ayi."

"Hm. Ndiye majezi aja tidangowataya ulele."

Ndidayamba kunena kuti achimwene, ine ndakhala ndikufuna, koma iwo adadutsa kutsogolo kwanga n'kukayenda mbali inayo, kundisiya ku khutu lakufa. Tidayenda choncho mpaka pa njira yolowera kwawo. Pamenepo adaima.

"Musandiuze ine. Ine ndidaona. Amene sadaone ndi enawo."

Adandisiyira mvula ziwiri zathunthu. Loweruka lililonse ndinkachoka kunyumba nditakonza mawu, ndipo Loweruka lililonse wina ankafuula kuti a Shuga, nyumba n'kuseka, ine n'kumeza mawuwo. Iwo sadandikumbutsenso. Kenako chifuwa chidawagwira, adagona masiku asanu ndi limodzi, ndipo uthenga uja udafika pa foni.

Patatha masiku atatu ndidapita kwa mwana wawo Hawa, amene adawasamala mpaka mapeto. Ndidamupeza kuseri kwa nyumba akuyanika chinangwa chovuwika pa thandala. Ndidakhala pa mtondo wogwa n'kumuuza zonse, kuyambira chingwe cha m'chiuno mpaka kufuula kwanga. Sadasiye ntchito yake. Ankangotembenuza chinangwacho chimodzichimodzi.

"Mwamaliza, amalume?"

"Ndamaliza."

"Ine kusukulu ankanditchula mwana wa Shuga kuyambira sitandade wani. Ana anganso akuwatchula zidzukulu za Shuga. Mukundiuziranji ine? Ine ndimadziwa kuti ababa sadagulitse mpira."

"Adakuuzani?"

"Adatiuza kuti kudali munthu kumbuyo. Amayi adawakakamiza mpaka kulira kuti amutchule. Iwo ankangoti nkhafi imene idatenga khutu la munthu wamkulu ikadatenga moyo wa mnyamata." Adapukuta manja pa chitenje n'kundiyang'ana koyamba. "Ife tinkaganiza kuti munthuyo adafa kalekale. Kuti n'chifukwa chake sabwera."

Hawa adabwerera ku chinangwa chake.

"Mwadya m'nyumba muno kangati, amalume? Ayi, musawerenge. Kanenereni kumene amawatchula Shuga."

Kansungwi kaja ndidakaona katasomekedwa ku denga la khonde, nsalu yake itasanduka yotuwa. Sindidapemphe kukagwira, ndipo iye sadandipatse.

Loweruka lotsatira, mpira utafika popumulira, ndidaimirira n'kupempha a Nyirenda kuti achepetse sipika. Mawu anga adatuluka aang'ono. Ndidanena kuti munthu amene ankakhala apa dzina lake ndi Twaibu, kuti sadalandire shuga wa munthu, kuti chigoli chija chidali chabwino chifukwa ine Lameki ndidali m'bwalo, nditanjuta pa kona, ndikufuna chithumwa. Ndidanenanso kuti ndidafuula nawo.

Kenako wina kumbuyo adati, "Eee, VAR ya ku Liwaladzi! Yatenga zaka fote kuti iweruze!" Anthu adaseka, ndipo sindiwada, ambiri mwa iwo nkhaniyi adangoimva ngati nthabwala ya makolo awo. Wina adafunsa ngati munthu wonjuta amawerengedwa, wina adati amawerengedwa ngakhale atagona, ndipo mkangano udayambiranso pomwepo ngati kuti nkhaniyo yachitikira ku Ulaya. Munthu mmodzi yekha sadaseke. A Sudi, goloboyi wathu uja, amene tsopano amayendera ndodo, adadzuka pa benchi lachitatu. Ndi iwo amene adayamba kutchula dzina la Shuga poyera, ndipo adalitchula moona mtima zaka zonsezi. Adandidutsa osandiyang'ana n'kutuluka. Mpaka lero sayankha moni wanga, koma ndidamva kuti adapita kwa Hawa ndipo adakhala pakhonde paja nthawi yaitali.

Chigawo chachiwiri chidayamba, a Nyirenda adakweza sipika, ine ndidakhala pansi. Ndinkaganiza kuti ndikadzanena ndidzapepukidwa. Ndidangomva kutopa.

Anthu atatuluka, a Nyirenda adandifunsa kuti dzina lija ndati ndani, ndipo ndidawatchulira chilembo chimodzichimodzi. Adatenga choko chimene amalembera mipira ya tsikulo pa bolodi, n'kulemba pa thabwa la khoma, pamwamba pa mapeto a benchi lakutsogolo. Ena ayamba kulitchula. Ena akuti a Twaibu a Shuga, ngati kuti linalo ndi la bambo awo. Hawa akuti pa sadaka ya masiku makumi anayi ndidzawerenge zimene ndalembazi pamaso pa abale, ndipo ndavomera, ngakhale kuwerenga mokweza ndimakakamira.

Malowo palibe amakhalapo. Si ulemu ayi, kungoti ndi pakona, kanema amaoneka chopendekera ndipo mwendo wa benchi mbali imeneyo udachirikizidwa ndi njerwa. Pa bango la khoma pali banga lakuda, losalala, pamene phewa lawo linkatsamira, ndipo pansi pali kadzenje kamene ndodo yawo idakumba pokalipira ambendera ochedwa. Choko chija chayamba kale kufufutika, poti anthu amakhudza ndi misana polowa. Ndimabwera ndi kachidutswa kanga m'thumba n'kumabwerezamo.

Ine ndimakhalabe malo achiwiri. Woimbira akagwira kukhutu, kanema n'kuima, nyumba yonse n'kumadikira mzere, ndimapezeka ndapendekera kumanzere kuti ndinene kanthu m'khutu lamoyo lija. Kumeneko kuli mabango okhaokha, ndi kamphepo kolowera pa mng'alu.